Nyumba ikhoza kukudwalitsani: dziwani zomwe khonsolo yanu iyenera kuchita

Mukamva mawu oti zaumoyo, maganizo amathamangira kuchipatala: dokotala, jakisoni ndi mzere wolandirira mankhwala. Koma matenda ambiri omwe amakufikitsani pamzere umenewo amayambira pomwe mumagona. Udzudzu umakulumirani kuchipinda, utsi mumaupumira kukhitchini, kolera imadzera kuchimbudzi ndi mumtsuko, ndipo agogo ambiri omwe athyoka chiuno adagwera pakhomo pawo pomwe.

N'chifukwa chake bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2018 lidatulutsa ndondomeko yapadera yokhudza nyumba ndi umoyo. Mwa zina, ndondomekoyo imakamba za kuthithikana, kuzizira kapena kutentha kwa m'nyumba, ngozi zapakhomo komanso kufunika koti munthu waulumali azitha kulowa ndi kutuluka m'nyumba mwake.

Kuno kwathu, ofesi ya boma yomwe ili pafupi kwambiri ndi nkhani zimenezi ndi khonsolo. Ambiri timangoidziwa pa ziphaso zamumsika ndi misonkho ya nyumba, koma ntchito yake ndi yoposa pamenepo. Lero tione zomwe khonsolo iyenera kukuchitirani, zomwe muyenera kuchita nokha, ndi khomo loti mugogode zinthu zikavuta.

Khonsolo ndi ndani kwenikweni?

Dziko lino lili ndi makhonsolo 36. Mwa amenewa, 28 ndi a maboma, anayi ndi a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo otsalawo ndi a matauni monga Kasungu, Luchenza ndi Mangochi. Mphamvu zawo zimachokera m'lamulo la maboma aang'ono la 1998, lomwe lidabwera limodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu.

Khonsolo ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya anthu omwe mudawasankha, monga khansala wa wodi yanu. Mbali yachiwiri ndi ya ogwira ntchito, omwe amatsogoleredwa ndi bwanamkubwa m'maboma kapena mkulu wa khonsolo m'mizinda. M'gulu limeneli muli a zaumoyo, a mapulani a malo, a zomangamanga, a zosamalira anthu ndi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Mlangizi wa zaumoyo amene amabwera kusikelo ya ana m'mudzi mwanu ndi mbali ya dongosolo lomweli. Iye amapereka malipoti kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu, ndipo malipotiwo amakafika kwa mkulu woona zaukhondo m'boma. Choncho mukamuuza vuto, mwaliika kale panjira yopita kukhonsolo.

Musanakumbe maziko, funsani

Palibe amene angaiwale Marichi wa 2023. Namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 600, ena mazanamazana sadapezeke mpaka lero, ndipo anthu oposa 600 000 adasowa pokhala. Mumzinda wa Blantyre, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zidakwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Zofanana ndi zimenezi zidachitikanso ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe.

Zomwe zimachitika n'zosavuta kumvetsa. Mizu ya mitengo imagwira dothi la m'phiri ngati ukonde. Mitengo ikadulidwa ndipo anthu n'kusema phiri kuti apeze malo omangapo, dothi limasowa chogwira. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, dothilo limakhuta madzi, limalemera, kenako limatsetsereka lonse nthawi imodzi. M'mbali mwa mitsinje monga Mudi, Lingadzi ndi Likangala, vuto ndi lomwe akuluakulu adanena kale: madzi saiwala khwawa.

Apa ndi pomwe ofesi ya mapulani kukhonsolo imafunikira. Malinga ndi malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka malo, womanga mumzinda ayenera kupereka pulani ya nyumba kukhonsolo kuti ivomerezedwe. Ambiri amaona ngati n'kutaya ndalama, koma a mapulani amaona zomwe wogulitsa poloti sangakuuzeni: ngati malowo ali m'njira ya madzi, pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi, kapena pomwe padzadutse msewu. Musanapereke ndalama ya poloti, pitani mukafunse. Safunsa adadya phula.

Chivomezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 chitachitika, boma lidakonza malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Mfundo zake n'zoti mmisiri wa m'mudzi angazikwanitse. Maziko akhale akuya ndipo nyumba ikwere kuposa nthaka yoizungulira. Pamwamba pa maziko yalani pepala lapulasitiki musanayambe khoma, kuti chinyontho chisakwere. Denga litulukire kunja mokwanira kuti mvula isamenye khoma, makamaka ngati ndi la zidina kapena lomangira dothi. Mitengo ya denga imangiriridwe kukhoma ndi waya, osati kungotsindira malata ndi miyala. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri. Pomaliza, kumbani ngalande yopatutsa madzi kuti asamaime m'mbali mwa nyumba.

Chimbudzi ndi madzi akumwa

Mliri wa kolera womwe udayamba mu Marichi 2022 ku Machinga ndiwo udali woopsa kuposa ina yonse m'mbiri ya dziko lino. Anthu oposa 58 000 adadwala ndipo oposa 1 700 adamwalira. Kachilombo ka kolera kamachoka m'chimbudzi cha wodwala n'kulowa m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi, chakudya, ntchentche kapena m'manja mosasamba.

M'malokeshoni momwe nyumba zathithikana, chitsime ndi chimbudzi zimakhala moyandikana. Pansi pa nthaka madzi amayenda, ndipo m'nyengo yadzinja amakwera n'kufika m'maenje a zimbudzi. A zaumoyo amalangiza kuti chimbudzi chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo ndi mamita osachepera 30, ndipo chikhale chakumunsi, osati kumtunda kwa chitsimecho.

Pankhani imeneyi, a zaukhondo akhonsolo ali ndi udindo woyendera makomo, kuona ukhondo wa m'misika ndi malo odyera, kugawa klorini pakabuka mliri, komanso kuonetsetsa kuti zinyalala ndi zonyansa za m'zimbudzi zikutayidwa pamalo oyenera. Chimbudzi chanu chikadzadza, itanani opopa zimbudzi ovomerezeka ndi khonsolo. Kuboola dzenje usiku mvula ikamagwa kuti zonyansa zipite ndi madzi n'kutumiza kolera kwa anansi anu akumunsi.

Mbali yanu ndi zomwe alangizi amabwereza tsiku ndi tsiku: chimbudzi chokhala ndi chivindikiro, mpondagiya ndi sopo pakhomo pa chimbudzi, bafa, dzenje la zinyalala, thandala la mbale ndi chingwe choyanikapo zovala. Madzi akumwa athiridwe klorini kapena awiritsidwe, asungidwe m'chiwiya chovindikira, ndipo kapu yotungira isakhale yomwera.

Utsi ndi mpweya wa m'nyumba

Bungwe la WHO lidati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pachaka padziko lonse. M'dziko muno, momwe mabanja ambiri amaphikira nkhuni ndi makala, ovutika kwambiri ndi amayi ndi ana omwe ali kumsana. Mu utsi muli tinthu ting'onoting'ono tomwe timalowa mpaka mkati mwa mapapo. Timeneti timachititsa kuti mwana agwidwe chibayo mosavuta, ndipo kwa akulu timabweretsa chifuwa chosatha ndi matenda a mtima.

Mbaula zamakono monga chitetezo mbaula zimapulumutsa nkhuni, koma pazokha sizithetsa vutoli. Kafukufuku wamkulu yemwe adachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10 000 adapeza kuti mbaula zotulutsa utsi wochepa sizidachepetse chibayo, ngakhale ngozi zakupsa ndi moto zidachepa. Phunziro lake ndi loti mwana amapuma utsi wochokera mbali zambiri: kukhitchini, kwa aneba, pa zinyalala zootchedwa ndi pa fodya. Choncho khitchini ikhale yapadera, ikhale ndi zenera kapena mpata wotulukira utsi, nkhuni zikhale zouma, ndipo mwana asakhale pamoto nthawi yonse yophika.

Ngozi ina imabwera m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Mpweyawu suoneka ndipo sununkha. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi kufooka, kenako amagona osadzukanso. Musagone ndi mbaula m'nyumba, ngakhale makala akuoneka ngati azima. Mukapeza munthu wakomoka m'chipinda chotere, tsekulani zitseko, mutulutseni panja ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Mazenera amathandizanso pa chifuwa chachikulu cha TB. Tizilombo take timatha kukhala mumpweya wa m'chipinda chotseka kwa maola angapo wodwala akatsokomola. Mphepo yodutsa imatitulutsa, ndipo dzuwa limatipha. Zenera lomwe mudatseka ndi njerwa poopa akuba likhoza kukhala likusunga matenda. Ndi bwino kuikamo zitsulo n'kumalitsekula masana. Chinyontho nacho n'choopsa: chuku chakuda chomwe chimamera pakhoma lonyowa chimadzutsa mphumu, makamaka kwa ana.

Udzudzu umalowera pamwamba

Udzudzu wofalitsa malungo wa mtundu wa Anopheles umatsata fungo la anthu ogona. Ukafika pakhoma umaulukira m'mwamba, n'kulowera pampata wa pakati pa khoma ndi denga. Kutseka mpata umenewu ndi njerwa kapena dothi, ndi kuika sefa wa waya m'mazenera, kumachepetsa udzudzu wolowa m'nyumba. Koma mukatseka mpatawo onetsetsani kuti mazenera alipo okwanira, kuti musatsekere utsi ndi kutentha mkati. Ndipo izi sizilowa m'malo mwa neti: gonanibe m'neti usiku uliwonse, chaka chonse.

Ngalande zotsekeka ndi maenje osiyidwa ndi oumba njerwa ndi malo oswanirana udzudzu. Ngalande za m'misewu ya m'malokeshoni ndi ntchito ya khonsolo, koma mapepala ndi mabotolo omwe amazitseka amachokera m'makomo mwathu.

Ngati muli pa lendi

Anthu ambiri m'mizinda amakhala m'nyumba za lendi, ndipo amaganiza kuti alibe ponena. Lamulo la zaumoyo wa anthu, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1948, limapereka mphamvu kukhonsolo pa malo omwe angadwalitse anthu. Nyumba yauve, yachinyontho, yothithikana mopyola muyeso kapena yokhala ndi chimbudzi chosefukira ili m'gulu limeneli. Woyendera zaukhondo akatsimikiza vutolo, khonsolo ikhoza kulembera kalata mwini malo kuti akonze pofika tsiku lakuti, ndipo akakana nkhani ikhoza kupita kukhoti.

Yambani mwaulemu ndi alandilodi anu. Auzeni pakamwa, kenako lembani kalata kapena uthenga wa pafoni ndipo musunge. Jambulani zithunzi za khoma long'ambika, denga lodontha kapena chimbudzi chodzadza. Zikakanika, dziwitsani mfumu ya m'dera kapena mlangizi wa zaumoyo, kenako ofesi ya zaumoyo kukhonsolo. Mukachitira limodzi ndi anzanu a papoloti, mawu anu amalemera ndipo mantha oti akuthamangitsani amachepa.

Mawaya amagetsi olumikiza mwachinyengo kapena ongolendewera ndi gwero la moto. Ntchito ya magetsi igwiridwe ndi mmisiri wokhala ndi chiphaso. Ozimitsa moto m'mizinda ali pansi pa khonsolo, choncho sungani nambala yawo m'foni mwanu lero, osadikira tsiku la ngozi. Kumbukiraninso kuti galimoto yawo singafike pomwe anthu adamanga mpaka kutseka njira.

Okalamba ndi aulumali: kukhala pawokha mwaulemu

Kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Onjezerani agogo omwe maso ndi mawondo zafooka, komanso omwe adafa ziwalo chifukwa cha sitiroko. Kwa anthu amenewa, funso lalikulu ndi losavuta: kodi ndingapite ndekha kuchimbudzi? Munthu wamkulu akamadikira kuti mdzukulu abwere kusukulu kuti amunyamule, amataya ulemu, ndipo ena amasiya kumwa madzi kapena kudya mokwanira poopa kuvutitsa anthu.

WHO imati anthu pafupifupi 684 000 amafa chaka chilichonse chifukwa chakugwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi a zaka zoposa 60. Fupa la wokalamba limathyoka msanga ndipo limachedwa kulumikizana. Kugona nthawi yaitali kumabweretsa zilonda zapamsana ndi chibayo.

Zambiri zoteteza sizifuna ndalama zochuluka. Salazani njira yopita kuchimbudzi ndi kubafa, ndipo muchotse miyala ndi mizu. Zikani mitengo iwiri yolimba m'mbali mwa dzenje kuti munthu azigwira pokhala ndi podzuka. Kwa amene sangathe kunjuta, umbani pokhalira pokwera ndi njerwa, kapena boolani mpando wathabwa n'kuuika pamwamba pa dzenje. Kwa wosaona, mangani chingwe kuchokera pakhomo la nyumba mpaka kuchimbudzi. Ikani nyale ya sola panjira ndi pafupi ndi pogona. M'bafa muikemo kampando ndipo pansi pasamere ndere.

Kwa woyenda panjinga ya aulumali, khomo likhale lotambalala masentimita pafupifupi 90. M'malo mwa masitepe, pangani njira yotsetsereka pang'onopang'ono: pa masentimita 10 alionse okwera, njirayo italike masentimita 120. Ikakhala yaifupi kuposa apa, munthu sangakwere yekha ndipo potsika akhoza kugubuduka.

Kukhonsolo, khomo loyamba ndi ofesi yosamalira anthu. Ofesi imeneyi ndiyo imayendetsa Mtukula Pakhomo, ndondomeko yomwe idayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo tsopano ili m'maboma onse. Imathandiza mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo ambiri mwa iwo ndi a okalamba, aulumali ndi odwala matenda amgonagona. Si onse oyenera omwe amalowa, koma muli ndi ufulu wofunsa momwe mayina amasankhidwira ndi kudandaula ngati mukuona kuti padali kukondera.

Ofesi yomweyi, pamodzi ndi chipatala chaboma, ingakulozereni kwa a mafizo komanso komwe kumapezeka ndodo, njinga ndi miyendo yochita kupanga, monga kuzipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central ndi Mzuzu, kapena ku Kachere mumzinda wa Blantyre. Bungwe laboma lomwe ambiri adalizolowera kuti MACOHA tsopano ndi MACODA, kutsatira lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024. Mabungwe a anthu aulumali eni ake ali pansi pa FEDOMA. Kwa anthu achialubino, omwe kalembera wa 2018 adapeza kuti alipo oposa 134 000, nyumba yolimba, ya chitseko ndi loko wabwino, ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Apolisi a m'madera ndi ofesi yosamalira anthu ayenera kudziwa banja lililonse lotere lomwe likugona m'nyumba yosatetezeka.

Achibale omwe ali ku Britain, makamaka ogwira ntchito yosamalira okalamba, amadziwa kuti kumeneko khonsolo imachita zambiri. Ku England, khonsolo ikhoza kupereka ndalama zofika mapaundi 30 000 zokonzera nyumba ya munthu waulumali, komanso imayendera nyumba za lendi poona zoopsa za mitundu yosiyanasiyana. Makhonsolo athu alibe chuma chotere. Koma mfundo yake ikugwira ntchito kuno: kukonza khomo ndi chimbudzi n'kotchipa kuposa kugoneka munthu m'chipatala miyezi iwiri, wina atasiya ntchito kuti akhale gadiyani.

Khonsolo ikapanda kuyankha

Si chinsinsi kuti makhonsolo amalephera zambiri. Galimoto zotola zinyalala n'zochepa, oyendera zaukhondo sakwanira, ndalama zochokera kuboma zimachedwa, ndipo eni nyumba ambiri salipira misonkho. Komabe, nkhani yomwe sidalembedwe paliponse siingalowe m'bajeti.

M'midzi, yambirani kukomiti ya chitukuko ya VDC, yomwe imapititsa nkhani ku ADC, kenako kukhonsolo. M'mizinda, pitani kukomiti ya chitukuko ya wodi ndi kwa khansala. Nkhani za malo oopsa, monga ming'alu m'phiri kapena mtsinje womwe ukudya gombe, zipite kukomiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'dera lanu, yomwe imalumikizana ndi nthambi ya DoDMA.

Dandaulo likhale lolemba. Nenani malo, vuto, tsiku lomwe lidayamba ndi chiwerengero cha mabanja okhudzidwa. Pitani ndi makalata awiri, ina aidinde n'kukubwezerani, ndipo funsani dzina la ofesala amene akuyendetsa nkhaniyo. Lamulo lopereka mwayi wopeza uthenga, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kufunsa momwe ndalama za chitukuko za m'dera lanu zagwirira ntchito. Ngati mwazunguliridwa popanda yankho, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo okhudza maofesi aboma kwaulere.

Yambani sabata ino

Tengani mphindi zochepa muzungulire nyumba yanu ngati mlendo. Yang'anani denga ndi pomwe lagwirana ndi khoma. Onani ming'alu, chinyontho ndi komwe madzi amvula amapita. Werengani mapazi kuchokera pachimbudzi kufika pachitsime. Lowani kukhitchini moto ukuyaka, muone ngati maso sakulira. Kenako yendani njira yomwe agogo amayenda usiku popita kuchimbudzi, nyale itazima.

Zomwe mungathe, konzani mvula isanafike. Zomwe zikukhudza mudzi kapena lokeshoni yonse, itanani anzanu ndi mlangizi wa zaumoyo, mulembe kalata imodzi ndi kupita nayo kwa khansala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo khonsolo imamva msanga anthu akafika ambiri ndi pepala m'manja.